Kuchotsa kabu ya pikiapu yakale pachasisi muli nokha m'galaja ya pakhomo

Munthu amene wagula pikiapu yakale n'cholinga choti ayikonzenso kuyambira pansi amadzafika tsiku lozindikira kuti dzimbiri loopsa silili pamene maso akuona, koma pakati pa kabu (chipinda cha dalaivala) ndi chasisi (chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto), pamene fumbi ndi matope zakhala zikusunga chinyezi kwa zaka 40 kapena 50. Malo amenewa simungawapale kapena kuwawotcherera bwino kabu ili pomwepo, choncho funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti kodi munthu mmodzi angathe kuinyamula yekha popanda kuitana anyamata asanu ndi mmodzi. Yankho langa ndi lakuti zimatheka, malinga ngati pa ntchito yonseyo palibe mphindi imene katunduyo akudalira msana wanu, dzanja lanu kapena chipangizo chimodzi chokha.

Chimene chimachititsa kuti ntchitoyi itheke ndi kapangidwe ka galimoto zimenezi. Mapikiapu monga Ford F-100 ndi Chevrolet C10, amene anthu ambiri ku America amakonda kuwakonzanso m'magalaja a pakhomo, komanso Toyota Hilux yomwe inayamba kupangidwa mu 1968, Datsun 620 ya pakati pa 1972 ndi 1979, ndi Land Cruiser ya mtundu wa 45, zimene zina mwa izo zidakayendabe m'misewu ya kwathu kuno, onsewa ali ndi chasisi chachitsulo chomwe chimasenza injini, magiya ndi matayala. Kabu, chimene chili chipinda cha dalaivala, imangokhala pamwamba pake pa timalabala tochepetsa kugwedera, ndipo imagwiridwa ndi mabawuti ochepa, nthawi zambiri anayi kapena asanu ndi limodzi. Mukamasula mabawuti amenewa ndi kulekanitsa zonse zolumikiza, kabu imachoka yathunthu.

Kulemera kwake kumadalira kwambiri zimene mwachotsamo. Kabu imene mwachotsa zitseko, mpando, magalasi ndi chiwongolero imalemerabe makilogalamu opitirira 100 ngakhale pa galimoto yaing'ono, ndipo ya galimoto zikuluzikulu za ku America, ikakhala ndi zonse m'kati, imatha kupitirira makilogalamu 300. Kulemera kumeneku si kwakukulu kwa makina, koma n'kokwanira kuthyola nthiti kapena kuphwanya mwendo. Vuto lalikulu kuposa kulemerako ndi lakuti katunduyo ndi wamkulu, wopanda chogwirira, ndiponso wolemera mbali imodzi. Kutsogolo, kumene kuli khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi miyendo ya dalaivala, ndiye kolemera, moti mukamangirira pakati penipeni pa denga, kabu imaweramira kutsogolo ikangosiya chasisi.

Ntchito yaikulu ya tsiku loyamba si kunyamula ayi, koma kulekanitsa. Yambani ndi kuchotsa waya wa negetivi pa batire, kenako boneti ndi madigadi akutsogolo, ndipo ngati bokosi lonyamulira katundu lili pafupi kwambiri ndi msana wa kabu, lichotseni kapena likankhireni kumbuyo. Zikatero tsatirani chilichonse chimene chikudutsa pakhoma lija ndi pansi pa mapazi, ndicho ndodo ya chiwongolero, mapaipi a mabuleki ochokera pa masitala silinda (pampu ya mabuleki), zolumikizira kilatchi, waya wa handibuleki, waya wa sipidomita, wa mafuta ndi wa tchoko (chothandiza kuliza injini yozizira), mapaipi a madzi otenthetsa m'kati, mtolo wa mawaya a magetsi ndi ndodo ya magiya. Chimene anthu ambiri amaiwala ndi kalamba kakang'ono ka mawaya olukana kamene kamalumikiza kabu ku chasisi kapena ku injini kuti magetsi azibwerera. Kalamba kameneka n'kolimba mokwanira kugwira ngodya imodzi pamene zina zikukwera, ndipo kakaduka mwadzidzidzi kabu yonse imagwedezeka ili m'malere. Jambulani ndi foni malo alionse musanamasule, ndipo lembani pa kapepala komata kumene waya aliyense akupita, pakuti pakatha miyezi itatu simudzakumbukira.

Pa mapikiapu ambiri akale a ku America, thanki ya petulo ili m'kati mwa kabu, kuseri kwa mpando, ndipo Chevrolet inaitulutsamo kuyambira pa galimoto za 1973. Ngati yanu ili yotere, tsanulirani petulo yense m'chigubu choyenera, ndipo thankiyo muitulutse panja pa galaja musanayatse gilayinda kapena makina owotcherera. Thanki yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo wosakanikirana ndi mpweya wamba.

Mabawuti ogwira kabu amafuna kuleza mtima. Athireni mafuta osungunula dzimbiri kwa masiku angapo musanawakhudze ndi sipanala, chifukwa pa galimoto zina nati yake inatsekeredwa m'kati mwa chitsulo cha kabu, ndipo ikathothoka imangozungulira limodzi ndi bawuti, zimene zimakukakamizani kuboola pansi pa kabu kuti muifikire. Pansi pa labala aliyense mukhoza kupeza timbale tachitsulo topyapyala timene anaikapo pofuna kuwongola kabu. Werengani timbale ta ngodya iliyonse ndipo mutisunge m'matumba osiyana olembedwa.

Musananyamule, yang'anani zitsulo za m'munsi mwa zitseko ndi pansi pa mapazi. Kabu imene yakhala pachasisi imaoneka yolimba chifukwa chasisicho n'chimene chikuigwira, koma ngati zitsulo zimenezi zadyeka ndi dzimbiri, ikangokwera imapindika pang'ono, ndipo zitseko sizidzatsekanso bwino mpaka kalekale. Njira yopewera zimenezi ndi kuwotcherera mongogwiriza zitsulo zopingasa pa khomo lililonse, ndi china chodutsa kuchokera mbali ina kufika ina, zitseko zisanachotsedwe kapena mutangoyeza bwino mipata yake. Ndimaona kuti eni galimoto ambiri amaitenga ntchito imeneyi ngati yotaya nthawi, koma kuwongola kabu yopindika kumadya masiku ambiri ndi ndalama zambiri kuposa zitsulo zochepa zimenezi.

Njira yoyamba yonyamulira kabu, imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, ndi ya kireni yonyamulira injini, ija ya miyendo iwiri yaitali ndi jeke wamafuta. Mkono wake umalowa pakhomo la kabu, ndipo kunsonga kwake mumaikako mtanda wolimba wa thabwa kapena chitsulo umene umapingasa pansi pa denga n'kutulukira pa makomo onse awiri. Mtandawo uyenera kugwira pa mafelemu a pamwamba pa zitseko, pamene chitsulo chili chopindidwa kawiri kapena katatu, osati pa lata la denga, lomwe limabonyoka msanga, ndiponso osati pa kangalande ka madzi a mvula ka m'mbali mwa denga. Pakati pa mtanda ndi chitsulo ikanipo labala kapena kapeti yakale, ndipo mtandawo umangiriridwe ku mkono wa kireni kuti usatsetsereke.

Apa pali nambala imene muyenera kuiwerenga bwino. Kireni yolembedwa kuti matani 2 imanyamula matani 2 pokhapokha mkono wake uli wofupikitsidwa kotheratu. Pa mkonowo pamakhala mabowo anayi olembedwa matani 2, 1.5, 1 ndi 0.5, ndipo kuti mufike pakati pa kabu mudzafunika bowo lotalikitsitsa, pamene mphamvu yake ndi makilogalamu 500 okha. Kireni ya tani imodzi imatsika mpaka makilogalamu 250 pa bowo lomweli, kutanthauza kuti kabu yosachotsedwa zinthu ikhoza kuiposa mphamvu. Onetsetsaninso kuti nsonga ya mkono sikupitirira matayala akutsogolo a miyendo ya kireni, chifukwa katundu akapitirira pamenepo kireni yonse imagwa chafufumimba, ndipo palibe munthu amene angaigwire.

Chimene sindikonda pa njira imeneyi ndi chakuti miyendo ya kireni imalowa pansi pa chasisi kuchokera m'mbali, motero imatsekereza matayala, ndipo simungathe kukankha chasisi kuti chichoke. Mumakakamizika kukoka kireni kubwerera m'mbuyo kabu ikulendewera. Timatayala take tachitsulo timaima pa kamwala kakang'ono kapena pa mng'alu wa simenti, ndipo miyendo ikaima katundu wam'mwamba amapitirizabe ulendo. Choncho sesani pansi bwinobwino, kokani pang'onopang'ono mutagwira kumbuyo kwa kireni, ndipo mukangodutsa chasisi tsitsani kabu kufupi ndi pansi musanapitirize. Pabwalo la dothi kapena potsetsereka njira imeneyi musaiyese n'komwe.

Njira yachiwiri ndi ya tcheni buloko (chipangizo cha tcheni chokwezera katundu wolemera) yopachikidwa pamwamba, ndipo ubwino wake ndi wakuti kabu imakwera molunjika, chasisi n'kukankhidwa kuchoka pansi pake. Koma funso ndi lakuti mwaipachika pati. Mitengo ya denga la galaja kapena la nyumba inapangidwa kuti isenze malata ndi siling'i, kulemera kofalikira paliponse, osati makilogalamu 300 okoka pamalo amodzi, ndipo ngati ina inadyedwa ndi chiswe kapena anankafumbwe m'kati simungadziwe poiyang'ana. Chofunika ndi chimango chachitsulo chodziimira pachokha, cha miyendo yotambasuka ndi mtanda umene mphamvu yake ikudziwika.

Pa njira imeneyi kapendekedwe ka malamba n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Malamba awiri akaima chilili, lililonse limasenza theka la katundu. Akatambasuka mpaka kupendekeka madigiri 30 kuchokera pa mzere wogona, lamba lililonse limakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera konse kwa katunduyo, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu imeneyi imafinyira m'kati, n'kupinda m'mbali mwa denga. Chifukwa chake pamwamba pa kabu pamafunika mtanda wotambasula malamba, wotalika kuposa m'lifupi mwa denga, kuti malambawo atsike molunjika. Gwiritsani ntchito malamba onyamulira olembedwa mphamvu yake, osati chingwe cha nayiloni cha pamsika kapena malamba omangira katundu pa lole, omwe anapangidwa kuti azipanikiza katundu, osati kumulendeweretsa.

Kwa munthu amene alidi yekha, ine ndimalimbikitsa njira yachitatu, ngakhale ili yochedwa kuposa zonse. Mumakweza mbali imodzi ya kabu ndi jeke masentimita asanu okha, mutaika thabwa lalikulu pakati pa jeke ndi chitsulo cholimba cha pansi, n'kulowetsa zidutswa za matabwa pakati pa kabu ndi chasisi, kenako n'kupita mbali inayo. Mukabwereza kangapo, mpata umakwana kulowetsa mitanda iwiri yaitali yopingasa, wina kutsogolo wina kumbuyo, yotulukira kunja kwa matayala. Nsonga za mitandayo mumazikweza mosinthanasinthana pa milu ya matabwa osanjikizidwa mopingasana, mpaka mitandayo itadutsa msinkhu wa chilichonse cha pachasisi chimene chiyenera kudutsa pansi pake, ndipo zikatero mumakankha chasisi n'kuchoka. Kuphwetsa matayala pang'ono kumatsitsa chasisi, motero simufunika kukweza kwambiri. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti jeke akalephera, kabu imagwa masentimita asanu okha n'kukhala pa thabwa. Pa milu imeneyi musagwiritse ntchito njerwa kapena mabuloko a simenti, chifukwa thabwa limalira ndi kupindika lisanathyoke, pamene njerwa imaphwanyika kamodzin'kamodzi popanda chenjezo.

Njira iliyonse imene mwasankha, kukweza koyamba kukhale kwa masentimita awiri kapena atatu okha. Imani pamenepo, zungulirani galimoto ndi tochi, ndipo muone ngati ngodya zonse zasiya chasisi mofanana. Ngodya imodzi ikatsalira, musawonjezere mphamvu, chifukwa pali chinthu chimene simunamasule. Kabu ikaweramira kutsogolo, itsitseni n'kusuntha mtanda kapena malamba, osati kuikankha ndi phewa kuti iwongoke. Jeke wamafuta amatsika yekha pang'onopang'ono labala wa m'kati mwake akatha, choncho dzanja lisalowe pakati pa kabu ndi chasisi ngati palibe thabwa lotchinga, ndipo waya wotsalira mumukoke ndi ndodo kapena mbedza. Kugwira ntchito nokha sikutanthauza kuti pakhomo pasakhale wodziwa zimene mukuchita. Uzani wina nthawi imene mukuyamba, foni ikhale m'thumba osati pa tebulo, ndipo ana asalowe m'galajamo mpaka kabu itakhazikika.

Pokakhazika kabu pakonzedwe musanayambe kunyamula. Chabwino ndi kangolo kafupi ka matabwa olimba kokhala ndi matayala anayi, kamene kamagwira kabu pamalo omwewo pamene inakhalira pachasisi, kuti kulemera kudutse m'zitsulo zimene zinapangidwira ntchito imeneyo. Ngati mukufuna kuigoneka chagada kuti mukonze pansi pake, yalani matayala akale ndi matiresi, ndipo galasi lakumbuyo likhale litachotsedwa.

Pobwezera, ikani malabala atsopano, bwezerani timbale tija pa ngodya zake, ndipo lowetsani mabawuti onse ndi dzanja musanamange ngakhale limodzi. Yezani kuchokera pa ngodya za kabu kufika pa mabowo ofanana a mbali zonse ziwiri za chasisi kuti mutsimikize kuti yakhala pakati, pachikani zitseko, onani ngati mipata yake ili yofanana, ndipo pokhapo mangani mabawuti mosinthanitsa ngodya. Zitsulo zogwiriza pa makomo zidulidwe pomalizira, kabu itamangidwa kale pachasisi, ndipo mabuleki achotsedwe mpweya ndi kuyesedwa galimoto isanatuluke pageti.