Court Line, kampani ya ndege yomwe inagula kasitomala wake n'kugwera naye limodzi

Anthu akamva kuti kampani ya ndege yagwa amangoganiza kuti ndiye kuti ndegezo zimauluka zopanda anthu. Ayi ndithu. Ndege za hayala izi, zomwe kuntchito timati za charter, kawirikawiri zimakhala zodzadza mpaka tsiku lomaliza, ndipo ine ndikafuna kuwamvetsetsa anzathu ongoyamba kumene ntchito ya za maulendo ndimawauza nkhani ya Court Line ya ku Britain.

Mumvetse kaye kuti ndege ya hayala sikugulitsani tikiti inuyo. Imagulitsa mipando yonse kwa kampani yokonza maholide, kampaniyo ndi imene imaphatikiza ndege, hotela ndi basi n'kukugulitsani pamtengo umodzi. Ndiye kasitomala weniweni wa ndegeyo amakhala kampani imodzi kapena ziwiri basi, iyeyo akadwala nawenso wadwala.

Court Line inali kampani ya sitima zapamadzi. Mu 1965 inagula kakampani ka ndege kotchedwa Autair, ndipo mu 1970 anakasintha dzina kukhala Court Line Aviation, n'kusiya maulendo a ndandanda kuti azingonyamula anthu a holide kuchokera ku bwalo la ndege la Luton, pafupi ndi London, kupita ku Spain ndi kwina kwadzuwa. Ndege zake za BAC One-Eleven anazipaka penti yowala, ina pinki ina orenji, kuti munthu azimva kuti holide yayambira pabwalo la ndege pomwepo. Kasitomala wamkulu anali Clarksons Holidays, yemwe ankagulitsa maholide motchipa kwambiri.

Kuti muone mmene phindu linaliri lochepa, taonani nkhani ya chakudya. Anachepetsa malo osungira zakudya mundege kuti alowetsemo mipando ina mpaka kukwana 119, chakudyacho n'kumachiika m'timabokosi tiwiri kumbuyo kwa mpando uliwonse, kena ka munthu wopita kena kotseka ka munthu amene adzakhale pampando womwewo pobwerera. Ena ankatha kutsegula kachiwiriko n'kudya zonse. Kampani ikafika powerengera malo a mbale chonchi ndiye kuti ndalama ikupezeka pa mipando yomalizira yokha, ndege ikapanda kudzadza pang'ono chabe mwaluza kale.

Mu 1973 anatenga ndege zikuluzikulu ziwiri za Lockheed TriStar, iliyonse ya mipando 400. Chaka chomwecho Clarksons inali ikumira m'ngongole chifukwa chogulitsa motchipa mopyola muyezo, ndipo apa ndi pomwe mtima umandiwawa, Court Line inaona kuti Clarksons ikagwa ndege zake zisowa wozidzadza ndiye inangoigula. Anadzigulira okha mavuto. Kumayambiriro kwa 1974 anawonjezeranso Horizon Holidays yomwe nayonso inali pamoto.

Kenako zonse zinabwera nthawi imodzi. Kuyambira October 1973 mtengo wa mafuta padziko unakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa, pomwe mitengo ya maholide inali itasindikizidwa kale m'mabuku otsatsa. Ku Britain mafakitale ankagwira ntchito masiku 3 pasabata chifukwa cha vuto la magetsi, anthu anayamba kuumira ndalama, ku Portugal boma linagwetsedwa mu April 1974, ku Cyprus kunabuka nkhondo mu July. Mu June boma la Britain linalengeza kuti litenga mbali ya Court Line yopanga sitima, ndipo anthu ambiri anamva ngati maholide awo atetezeka, anapitiriza kulipira.

Pa 15 August 1974, pakati penipeni pa nyengo ya holide, Court Line inagwa. Anthu oposa 40,000 anali kunja opanda ndege yobwerera, ena ambirimbiri anali atalipira kale maulendo omwe sanapite, ndalama zawo zitapita kale kubweza ngongole zam'mbuyo. Bondi, ndalama ya chikole imene makampani a maholide ankasungitsa, inathandiza kubweza anthu kwawo koma sinakwane kulipira onse, n'chifukwa chake mu 1975 boma linakhazikitsa thumba la Air Travel Reserve Fund loti lizigwira ntchito limodzi ndi laisensi ya ATOL, yomwe mpaka lero kampani yogulitsa holide ya pandege ku Britain imayenera kukhala nayo.