Firiji ya m'galimoto ndi moto woidyetsa

Munthu akamagula firiji yoyenda nayo pa galimoto, amayamba ndi kufunsa kuti imalowa malita angati. Funso lamphamvu amalisiyira kumapeto, mwinanso salifunsa n'komwe: injini ikazima, firijiyo izidya moto wochokera kuti? Mafiriji ambiri amene eni ake amati afa amakhala ali bwinobwino. Cholakwika chimakhala batire, waya kapena soketi.

Tiyambe ndi kusiyanitsa, chifukwa m'masitolo zinthu zitatu zosiyana amazitchula dzina limodzi. Pali mabokosi otchipa okhala ndi kafani pachivindikiro, amene amaziziritsa ndi kachipangizo kotchedwa Peltier. Amenewa amangotsitsa kutentha ndi madigiri 15 mpaka 20 kuchokera pa kutentha kwa mpweya wowazungulira. Pa Nyika m'mwezi wa Juni angakuthandizeni. Koma ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala, kunja kukafika madigiri 40, m'bokosimo mumakhala madigiri 20 kapena kuposa, ndipo nyama imawonongeka momwemo. Kuwonjezera apo sapuma: amakoka ma amp 4 kapena 5 usana ndi usiku. Mtundu wachiwiri ndi wa mafiriji oyendera zinthu zitatu, gasi, 12V (moto wa batire la galimoto) ndi magetsi a m'nyumba. Amagwira bwino pa gasi akaima pamalo osapendekeka, koma pa 12V amameza moto kwambiri, ndipo gasi sayatsidwa m'galimoto kapena m'tenti yotseka chifukwa mpweya umene umatuluka umapha munthu ali m'tulo. Mtundu wachitatu ndi wa kompuresa, wofanana ndi firiji ya kunyumba koma wopangidwira 12V ndi 24V. Mayina odziwika ndi monga Engel, Dometic, ARB, komanso National Luna ndi SnoMaster a ku South Africa. Umenewu ndiwo umatha kusunga madigiri 4 kapena kuumitsa zinthu mpaka -18 ngakhale kunja kukuwotcha, ndipo ndi umene tikukamba pano.

Kompuresa siiyenda nthawi zonse. Imayenda, kuzizira kukakwana n'kuima, kenako n'kuyambanso. Firiji ya malita 40 imakoka ma amp pakati pa 3 ndi 5 ikamayenda, koma popeza imapuma, pa ola limodzi imadya 1Ah mpaka 1.5Ah (1Ah ndi amp imodzi yokokedwa kwa ola lathunthu) ngati mwaiika pa madigiri 4. Pa tsiku lathunthu ndiye kuti 25Ah mpaka 35Ah. Mukaitembenuza kukhala youmitsa, kapena ikakhala m'galimoto yotseka padzuwa, chiwerengerochi chikhoza kuwirikiza kawiri.

Tsopano yang'anani batire la galimoto yanu. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ali ndi batire la 45Ah mpaka 70Ah, ndipo linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako alternator, kachipangizo kotchaja batire injini ikamayenda, n'kulidzazanso nthawi yomweyo. Silinapangidwe kuti liziyamwidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Mukafika ku Cape Maclear Lachisanu madzulo, n'kusiya firiji ikudya batire limeneli mpaka Lamlungu, mudzafuna anyamata okukankhani pamchenga. Choipa kwambiri n'chakuti batire lotere likaphwa kangapo silibwereranso mwakale, ngakhale mulitchaje bwanji.

N'chifukwa chake mafiriji a kompuresa amakhala ndi chitetezo chozimitsa firiji moto wa batire ukatsika. Chimakhala ndi magawo atatu, olembedwa H, M ndi L. Manambala amasiyana malinga ndi wopanga, koma kawirikawiri H imazimitsa moto ukafika cha m'ma 11.8V, pamene L imalola batire kutsika mpaka cha m'ma 10V. Ngati firiji ikudya batire lolizira injini, ikani pa H basi. Anthu amathamangira ku L chifukwa firiji imasiya kuzimazima, osadziwa kuti achotsa mlonda pakhomo.

Kuzimazimako nthawi zambiri kumachokera kwina, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Firiji siyeza moto pa batire penipeni. Imayeza umene wafika kumapeto kwa waya wake. Waya aliyense amadyako moto panjira, ndipo akakhala woonda komanso wautali amadya wambiri. Tiyerekeze kuti kuchokera pa batire kukafika kubuti ndi mamita 5. Moto umapita ndi kubwerera, ndiye ulendo wonse ndi mamita 10. Waya wa 1.5mm² pa ma amp 5 amataya pafupifupi 0.6V. Waya wa 6mm² pa mtunda womwewo amataya 0.15V yokha. Batire likakhala pa 12.3V, loti likadali ndi mphamvu ndithu, firiji ya pa waya woondayo imaona 11.7V n'kuganiza kuti batire latha. Imazima, moto umakwera chifukwa palibe chikukoka, imayesanso kuliza, moto umagwanso. Mwini wake amangomva kompuresa ikuti gwe n'kuima, gwe n'kuima, n'kunena kuti anamugulitsa chinthu chakufa.

Soketi yoyatsira fodya imawonjezera vutoli. Mawaya ake ndi oonda, pulagi yake imangogwira ndi kasipuling'i, ndipo pa msewu wa mabampu imasuntha pang'onopang'ono mpaka kusiya kukhudza. Ikamakhudza mwa apo ndi apo imatentha, nthawi zina mpaka pulasitiki kusungunuka. M'magalimoto ambiri ochokera ku Japan soketiyi imafanso mukangochotsa kiyi, choncho firiji imazima nthawi yonse imene mwaima kudya nsima panjira. Mankhwala ake ndi kukoka waya wakewake wa 6mm² kuchokera pa batire, mawaya awiri onse, wofiira ndi wakuda, osadalira thupi la galimoto. Fyuzi ya 15A ikhale pafupi kwambiri ndi batire, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza wayayo kuti asayake akanyuka n'kukhudzana ndi chitsulo. Pamene waya akudutsa pabowo la chitsulo pakhale kamphira. Kumapeto ikani pulagi yogwira zolimba, monga ya Anderson kapena yokhala ndi mazinga.

Kwa amene amagona kutchire kapena kunyanja masiku angapo, batire lachiwiri n'losapeweka. Likhale la deep cycle, lopirira kutsitsidwa ndi kudzazidwa mobwerezabwereza. Koma musanyengedwe ndi nambala yolembedwa pambali. Batire la asidi la 100Ah limakupatsani 50Ah yokha ngati mukufuna likhalitse, ndipo chizindikiro chakuti lafika theka ndi mita yoyezera moto kuwerenga pafupifupi 12.2V litapumula. Kwa firiji yathu ija, amenewo ndi tsiku limodzi ndi theka, mwina awiri kukakhala kozizira. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 limalola kugwiritsa ntchito 80Ah kapena kuposa pa 100Ah yomweyo, ndipo limapepuka kwambiri, koma mtengo wake ndi wina ndipo silikonda kutentha kwa pafupi ndi injini.

Mabatire awiriwa asalumikizidwe ndi waya chabe, chifukwa firiji idzawayamwa onse pamodzi. Pakati pawo pamafunika chowalekanitsa injini ikazima. Pa magalimoto akale solenoid, switchi yolumikiza mabatirewo injini ikamayenda, imakwanira. Pa magalimoto atsopano, amene alternator yake imatsitsa moto yokha pofuna kupulumutsa mafuta, batire lachiwiri silidzaza bwino popanda tchaja ya DC-DC, yotenga moto wa galimoto n'kuusintha kuti udzaze batirelo, ndipo pa lithium tchaja imeneyi ndiyo njira yoyenera. Fyuzi ikhale mbali zonse ziwiri, chifukwa batire lililonse likhoza kuyatsa wayayo.

Za sola anthu amayembekezera zambiri. Panelo ya 100W imapereka ma amp 5 kapena 6 dzuwa likakhala paliwombo, ndipo pa tsiku lowala bwino ikhoza kubweza 25Ah mpaka 30Ah. Ndiye kuti ikungolingana ndi zimene firiji yadya, osatsala kanthu ka tsiku la mitambo. Ya 150W imapatsa mpata wopumira. Iyenera kudutsa pa regulator, kachipangizo koteteza batire kuti lisadzaze mopitirira, ndipo ndi bwino ikhale yonyamulika, ya waya wautali, kuti galimoto ikhale pamthunzi panelo ili padzuwa. Mthunzi wa nthambi imodzi pa panelo umagwetsa moto kuposa mmene diso lingaganizire.

Moto wotchipa kuposa wonse ndi umene simunawononge. Firiji iyatsidwe kunyumba pa magetsi a ESCOM usiku woti mawa ndi ulendo, ndipo zolowamo zikhale zozizira kale. Kuziziritsa kireti ya zakumwa zotentha ndi batire n'kutaya mphamvu ya maola ambiri. Firiji yodzaza imasunga kuzizira kuposa yopanda kanthu, choncho mipata itsekeni ndi mabotolo a madzi. Mabowo otulutsira mpweya wotentha asatsamiridwe ndi zikwama kapena matumba a ufa. Siyani mpata wa masentimita 5 mpaka 10. Kompuresa ikasowa mpweya imayenda osapuma, kenako imadzizimitsa chifukwa cha kutentha. Galimoto yotseka mawindo padzuwa imatha kupitirira madigiri 60 mkati, ndiye mthunzi ndi kampata ka pawindo zimachita zambiri kuposa batire lalikulu. Firijiyo imangidwe ndi malamba pa zogwirira zake. Bokosi la makilogalamu 40 losamanga limasanduka mwala mukaponda mabuleki mwadzidzidzi.

Pa chakudya, nambala yofunika ndi madigiri 4. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilombo timaswana msanga. Musakhulupirire kwambiri nambala ya pa firijiyo, chifukwa imayeza pakhoma. Kathemometa kotchipa koikidwa pakati pa zakudya kamanena zoona. Pansi ndi m'mbali mumazizira kwambiri, pamwamba ndi pamwamba pa kompuresa m'mofundirako. Nyama ndi nsomba zikhale pansi, m'mapepala apulasitiki omanga bwino kuti madzi ake asadonthere zina, ndipo tomato ndi masamba zikhale pamwamba kuti zisaume ndi chisanu. Ogula chambo ku Mangochi kapena ku Salima achichotse matumbo asanachiike, ndipo ngati n'chambiri achithire ayisi. Firiji yaing'ono imasunga bwino chinthu chozizira kale, koma kutsitsa mulu wa nsomba zofunda imatenga maola, ndipo zapakati zimayamba kununkha zam'mbali zitauma. Onyamula insulin, mankhwala a matenda a shuga, asamale kuzizira kopitirira: imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikaundana yawonongeka, choncho isagunde khoma la firiji.

Firiji ikakana kugwira panjira, musathamangire kwa wothira gasi. Gasi wa mufiriji satha ngati mafuta. Akachepa ndiye kuti paipi yabooka penapake, ndipo zimenezi sizichitika kawirikawiri. Yambani ndi kuilumikiza ku magetsi a m'nyumba. Ikagwira bwino kumeneko, vuto lili ku mbali ya 12V. Yezani moto pa pulagi ya firiji pa nthawi imene kompuresa ikuyesa kuliza, osati itaima, kenako muyeze pa batire. Kusiyana kukaposa theka la volt, wolakwa ndi waya, fyuzi yadzimbiri kapena polumikizira pofooka. Mafiriji okhala ndi kompuresa ya Secop, imene kale inkadziwika kuti Danfoss, amanena okha vuto lawo ndi kagetsi kophethira: kamodzi ndi moto wochepa, kawiri ndi fani, katatu kompuresa yalephera kuyamba, kasanu zamagetsi zake zatenthedwa. Kasanuko kawirikawiri ndi fumbi la m'misewu yathu litamata pa fani ndi pa tizitsulo totayira kutentha, ndipo burashi yofewa imathetsa nkhaniyo. Ngati firiji inagona cham'mbali kapena chadodolido ponyamula, iimikeni bwino kwa maola angapo musanaiyatse, kuti oyilo abwerere mu kompuresa.