Gemu sikuberani mukapambana kangapo

Kwa zaka zambiri takhala tikumva nkhani yomweyi: akuti mukapambana kangapo motsatizana pa gemu ya pa intaneti, gemuyo imakugonjetsani dala. Zafika potopetsa.

Chomwe chimachitika n'chakuti magemu ambiri ampikisano amapatsa wosewera aliyense mapointi a luso. Mukapambana, mapointiwo amakwera, ndiye mumayamba kukumana ndi akatswiri okuposani. N'chifukwa chake osewera ambiri amapambana pafupifupi theka la masewero awo. Zida zina za m'gemu zimakhaladi zamphamvu mopitirira muyeso, koma opanga magemu akazichepetsa mphamvu nthawi zambiri amalemba poyera m'ndandanda wa zomwe asintha m'gemuyo (update).

Dzionereni nokha. Tsegulani replay (kanema wobwereza masewero) ya gemu yomwe mwagonja, muone pomwe munathamangira adani muli nokha anzanu ali kumbuyo, muonenso ngati ping (muyeso wa kuchedwa kwa intaneti) inakwera. Musanachite zimenezi, musamatumize m'magulu nkhani zoti munaberedwa.