Kovenshoni ya Kongeresi: pamene nthumwi zinkaomba m'manja, ndi tsiku limene zinakana

Chigonjereni chipani cha Kongeresi (MCP) pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, funso lakale layambanso kumveka pakati pa otsatira zipani: kodi ulendo wa kumsonkhano waukulu wa chipani, umene ambiri timangouti kovenshoni, uli ndi phindu lanji kwa membala wamba? Odandaula akuloza za mu 2024. Mu Ogasiti chaka chimenecho nthumwi za MCP zinasonkhana ku BICC ku Lilongwe, a Lazarus Chakwera n'kudutsa popanda wopikisana nawo. Patangopita masiku owerengeka za DPP zinadzaza holo ya Comesa ku Blantyre, ndipo a Peter Mutharika nawonso anadutsa okha. Ndiye anthu akuti, ngati mtsogoleri amadziwika basi isananyamuke paboma, mayi wa ku Nthalire kapena bambo wa ku Nsanje amasiyiranji dimba lake masiku atatu?

Palibe chipani china m'Malawi muno chimene chachititsa misonkhano yotereyi zaka zambiri kuposa Kongeresi, choncho funsoli ndi loyenera kulifunsa kumbiri yake.

Nthawi ya Kamuzu msonkhanowu unkachitika chaka ndi chaka, kawirikawiri mu Seputembala, ndipo unkazungulira m'zigawo zonse zitatu. Mfundo zimene zinkamangidwa kumeneko sizinali zamasewera. Wa mu 1965 ku Lilongwe unavomereza dongosolo la malamulo limene linapangitsa Malawi kukhala dziko la chipani chimodzi mu 1966. Wa mu 1968 unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chinachoka pawailesi chifukwa cha mfundo imeneyo, ndipo bala lake kumpoto silinapole msanga. Wa mu 1970 unapempha kuti Kamuzu akhale mtsogoleri wamuyaya wa dziko, chaka chotsatira n'kukhaladi wamuyaya.

Zolemera kwambiri kuzikumbuka ndi za Mboni za Yehova, anthu amene ankakana kugula khadi la chipani chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Msonkhano wa ku Mzuzu mu 1967 unapempha kuti chipembedzo chawo chiletsedwe, ndipo boma linachiletsa mu Okutobala chaka chomwecho. Wa ku Zomba mu Seputembala 1972 unapitirira apo: Mboni zichotsedwe ntchito m'boma ndi m'makampani, ndipo za m'midzi zipirikitsidwe. Milungu yotsatirayo ayufi ndi apayoniya analowa m'midzi, nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, ena anaphedwa. Zikwizikwi anathawira ku Zambia n'kukaunjikidwa pamsasa wa Sinda Misale, ena ku Mozambique.

Pa nkhani zimenezi umboni uyenera kuyezedwa bwino. Malawi News inali nyuzipepala ya chipani, wailesi inali imodzi yokha ya MBC, ndipo zonsezi zinkangonena kuti nthumwi zagwirizana chimodzi. Zonena za Mboni eni ake n'za anthu ovulazidwa, wina akhoza kuzikayikira, koma mabungwe a ufulu wa anthu a kunja monga Amnesty International analemba zofanana. Chimene sichinalembedwe m'nyuzipepala zija ndi mtima wa nthumwi imodzi imodzi. Wokweza dzanja ku Zomba ankadziwa kuti wokana akhoza kukagona ku Dzaleka kapena kundende ina, popeza kumvera kunali imodzi mwa nsanamira zinayi za chipani. Sindikuwachotsera mlandu. Koma mlandu wa mlimi wa ku Ntchisi amene anauzidwa nthawi yoomba m'manja sungafanane ndi wa akuluakulu amene analemba mfundozo iye asanafike.

Kuti misonkhano ija inasiya kumva anthu zinaonekera poyera mu 1992. Nthumwi zinatsimikizanso kuti Amalawi akufuna chipani chimodzi, koma mu Okutobala Kamuzu yemweyo analengeza riferendamu, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anavotera nyali, kusankha zipani zambiri.

Zaka zotsatira zinali za kulimbana kwa a Gwanda Chakuamba ndi a John Tembo. Mu 2000 chipani chimodzi chinachititsa makovenshoni awiri, wina ku Blantyre wina ku Lilongwe, nkhani n'kukathera kukhoti. Mu 2003 a Tembo anatenga mpando, a Chakuamba n'kutuluka kukayambitsa Republican Party.

Tsiku limene ine ndimaliona kuti linasintha zinthu ndi la 10 Ogasiti 2013, ku Natural Resources College (NRC) kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Kuti timvetse kulimba mtima kwa nthumwi za tsikulo tikumbuke amene a Tembo anali. Anali m'ndale kuyambira masiku a ufulu, phungu wa ku Dedza, nduna, gavanala wa Reserve Bank kuyambira 1971 mpaka 1984, malume a Mama Cecilia Kadzamira, munthu amene kwa zaka zambiri dzina lake linkatchulidwa monong'ona. Ambiri mwa okhala m'holo ija anakulira pansi pa mthunzi wawo, ena anapeza maudindo chifukwa cha iwo. Koma a Tembo anali atagonja kawiri pa chisankho cha pulezidenti, mu 2004 ndi mu 2009, ndipo mu 2009 mipando ya chipani ku Nyumba ya Malamulo inatsika kuchoka pa yopitirira 50 kufika pa yosakwana 30. Malamulo a chipani sankawalola kuimanso pokhapokha nthumwi zitavomera kuwatsegulira njira. Zinakana.

Nkhaniyi imakambidwa pawiri. Okonda a Tembo amati mkuluyo anali atanena kale zopuma, ndipo anapereka mpando mwaulemu osagawa chipani. Zoti sanagawe chipani n'zoona, ndipo n'chinthu chowayamikira, chifukwa ena akagonja amachoka ndi theka la chipani. Koma malipoti a atolankhani amene analipo amasonyeza kuti dzina lawo linali likadali pa mpikisano mpaka nthumwi zitalankhula. Ine ndimatsamira ku umboni umenewu, poti munthu amene wapuma kale safuna kuti malamulo amusinthire.

Mpikisano unali wa anthu angapo, ena mwa iwo a Lovemore Munlo, amene anali mkulu wa majaji, ndi a Felix Jumbe, odziwika pa za alimi. Nthumwi zinasankha a Chakwera, m'busa amene anali atangotula pansi utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God atautsogolera kuyambira 1989, munthu amene sanakhalepo phungu ngakhale khansala. Mu 2014 a Chakwera anakhala achiwiri, ndipo pa chisankho chobwereza cha 23 Juni 2020 anabwezeretsa Kongeresi m'boma itakhala kunja zaka 26. Munthu akhoza kukhumudwa ndi ulamuliro wawo, monga anachitira ovota ambiri mu 2025, koma sangakane kuti mavoti mazana owerengeka a ku NRC anasuntha mbiri ya dziko.

Ku UDF zinayenda mwina. Mu 2003 a Bakili Muluzi, atalephera kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu, analoza a Bingu wa Mutharika, ndipo kovenshoni inangosindikiza chidindo. Mu 2005 a Bingu anatuluka n'kuyambitsa DPP, ndipo UDF imene inawalowetsa m'boma inatsala kotsutsa.

Za mu 2024 nazonso sizinali zoomba m'manja zokhazokha. Ku BICC mipando ya m'munsi inalimbiranidwa ndithu: a Richard Chimwendo Banda anatenga ulembi wamkulu, a Catherine Gotani Hara wachiwiri kwa mtsogoleri, ndipo ku Mzuzu mu Novembala nthumwi za UTM zinasankha a Dalitso Kabambe pakati pa opikisana angapo, miyezi isanu a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege. Chimene chimadetsa misonkhano ya masiku ano ndi mbiri ya maenvulopu oyenda usiku kumalo ogona nthumwi. Ogonja ndiwo amaikamba kwambiri, opambana amaikana, ndipo nthumwi yolandira siingadzinenere yokha. Amene amanyoza nthumwi kuti zimagulitsa voti ndi chitenje azikumbukanso kuti ambiri mwa anthuwa amayendetsa nthambi zaka zisanu ndi ndalama za m'thumba mwawo, kulipira njinga za kabaza popita kumisonkhano ndi kusonkha pa maliro a mamembala, ndipo akuluakulu a kulikulu amawadziwa maina sabata ya kovenshoni yokha.