Mowa wakukolani? Anzanu oti muzikumana nawo mungawapeze chonchi kuno ku Tete

Abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Moatize mpaka mtauni ya Tete, uthengawu ndi wa munthu uja amalumbira mmawa kuti lero sindilawa koma pofika madzulo ali kale pa baraka, komanso wa achibale ake amene atopa nkukalipa. Uchidakwa ndi matenda, si kulodzedwa ayi, thupi limazolowera mpaka limayamba kuitanitsa lokha. Ku Chitima mu 2015 anthu 75 anamwalira atamwa pombe wapamaliro wophikidwa ndi ufa woonongeka ndipo dziko lonse linamva, koma awa kachasu akuwadya chiwindi pang'onopang'ono mmidzimu palibe amawalengeza pa wailesi.

Musanafune gulu la anzanu ofuna kusiya mowa yambani mwapita ku chipatala. Ngati mumamwa tsiku ndi tsiku, mukadzuka manja amanjenjemera mpaka mutalawako kaye, chonde musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza pamayamba thukuta, kusanza, mtima kuthamanga, tulo osabwera, ena amagwa ngati akhunyu, nde tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena mutu umasokonekera nkumaona zinthu zoti kulibe. Zimenezi zimapha. Ku Centro de Saúde kanenenitu chilungamo, osati zija zoti ndimangolawa pang'ono, nenani mabotolo angati patsiku, mankhwala othandiza masiku ovutawo alipo. Ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB awuzeninso, ndipo musawasiye.

Komweko mpamene mufunsire za gulu. Funsani técnico de psiquiatria, uja woona za matenda a maganizo, wa pachipatala cha boma lanu, dzinalo lisakuopseni kuti mwina akuyesani amisala, nkhani za mowa ndi ntchito yake imene. Kumudzi funsani azaumoyo a mmudzi aja timawati a APE, amayenda khomo ndi khomo nde amadziwa amene anasiya mowa mdera lanu. Kutchalitchi funsani abusa kapena atsogoleri a mphakati, kumzikiti a shehe. Koma wofunika kwambiri ndi uja munkamwa naye kale pano anasiya, mupiteni mukamufunse kuti achimwene munatani, ambiri sakana.

Pali gulu la anthu ofuna kusiya mowa lodziwika dziko lonse lapansi, Alcoólicos Anónimos kapena kuti AA, linayamba mu 1935 ku Akron, America, ndi anthu awiri okha amene mowa unawavuta, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith. Kulowa salipiritsa, chofunika nchoti mukufuna kusiya basi, ndipo amatsata masitepe 12. Misonkhano yawo ina imachitika pa intaneti mChipwitikizi ndi mChingerezi, nde ngati muli ndi foni ya tachi ndi timamega lembani dzinalo pa Google muone, kamera simukakamizidwa kuyatsa. Achibale a munthu womwa ali ndi lawo lotchedwa Al-Anon.

Gulu labwino silikugulitsani mankhwala, silikuuzani kuti musiye za kuchipatala, ndipo zimene mwaulula sizimveka kumsika mawa lake. Likamafuna ndalama yolowera thawani. Amayi inunso, zothira mankhwala mobisa mu ndiwo kapena mu mowa wa abambo kuti asiye musayese, mutha kuwapweteka.

Nanga ngati kwanuko kulibe? Yambitsani. Ife a ku Tete zamagulu si zachilendo, ma GAAC aja a anthu omwa ma ARV, osapitirira 6 pagulu, mmodzi nkumakatengera anzake mankhwala mosinthana, anayambira konkuno mu 2008 mothandizidwa ndi bungwe la madokotala la MSF kenako nkufalikira dziko lonse. Nde za mowa zingatikanike? Anthu atatu akwana. Sankhani tsiku limodzi pa sabata losasinthasintha, malo akhale kutali ndi pomwe amatcheza kachasu, kaya mkalasi ana akaweruka kaya pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Mmodzi akamayankhula enawo mungomvera, osamudula, osamulalikira, aliyense anene za iye mwini, sabata yayenda bwanji, chilakolako chinamugwira nthawi yanji, anatani. Musalumbire za chaka chonse, lonjezani za lero lokha, mawa mudzalonjezanso. Adziwitseni a chipatala kuti gulu lilipo azikutumizirani ena.

Patsananinso manambala, poti chilakolako sichidikira tsiku la msonkhano. Chimabwera tsiku lolandira ndalama ya fodya, tsiku mwagulitsa mbatatesi thumba latupa, kumaliro, kuukwati, kumapeto a mwezi kwa a ku migodi ya malasha, apo mpoyenera kuyimbira mnzanu musanafike pa baraka osati mutatulukamo. Ena amapempha mkazi wawo kapena mnzawo wa pagulu kuti apite nawo kolandira ndalamako, manyazi palibepo.

Wina akagwa nkumwanso musamuthamangitse, zimachitika kwa ambiri, abwere sabata yotsatira adzafotokoze chinamugwetsa, akabwera ataledzera akhale pansi amvere, adzayankhula tsiku lina. Koma mukaona maso achita chikasu, mimba ikutupa, akusanza magazi, wakomoka kapena akunena zodzipha, zimenezo si za gulu, mutengereni ku chipatala tsiku lomwelo.