Chilonda chimene chimakula mukachidula

Chilonda chikabwera kuchipatala, manja athu amadziwa kale chochita: kuchitsuka, kuchotsa mnofu wakufa, kupereka mankhwala opha tizilombo. Nthawi zambiri zimathandiza. Koma pali chilonda china chimene mpeni umachikolezera ngati mafuta pamoto. Dzina lake ndi pyoderma gangrenosum.

Dzinali linaperekedwa mu 1930 ndi madokotala a ku Mayo Clinic, ku America, amene ankaganiza kuti chimayamba ndi mabakiteriya. Lero tikudziwa kuti sichoncho. Vuto lili m'chitetezo cha m'thupi. Asilikali ena a m'magazi, otchedwa neutrophils, amakhamukira pakhungu popanda mdani aliyense n'kuyamba kuwononga mnofu wa mwini wake. N'chifukwa chake sichipatsirana, ndipo mankhwala opha mabakiteriya paokha sachipoletsa.

Chimayamba ngati kachiphuphu kamafinya kapena polumidwa ndi kachilombo, kawirikawiri pamsongolo. M'masiku ochepa chimaphulika n'kufutukuka. M'mphepete mwake mumada, mumatukuka, ndipo khungu limafukulika pansi ngati gombe lodyedwa ndi madzi. Chimene ine ndimamvetsera kwambiri ndi ululu. Wodwala amalira ndi chilonda chooneka chaching'ono, sagona, safuna ngakhale chitenje chimukhudze.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa odwala ena, khungu likangovulala pang'ono pamabuka chilonda chatsopano, kapena chakale chimakula. Jakisoni, opaleshoni, kutumbula ndi singano, kutemera mphini, zonsezi zingachiyambitse. Banja likaona kuti sichikupola limathamangira kotemera, dokotala naye amati tidulenso, ndipo aliyense amachita zimenezi pofuna kuthandiza. Chilonda n'kumangokula. Zimandipweteka mtima, chifukwa mwendo wotere ukanapola popanda mpeni.

Matendawa ndi osowa: anthu pakati pa 3 ndi 10 pa miliyoni iliyonse pachaka. Komabe timawasamala chifukwa pafupifupi theka la odwala amakhala ndi matenda ena m'kati. Ena ali ndi nyamakazi yotupitsa mfundo za zala ndi mawondo, imene imaumitsa manja m'mamawa. Ena ali ndi zilonda za m'matumbo, amatsegula m'mimba mwa magazi kwa miyezi. Ochepa ali ndi khansa ya m'magazi kapena vuto la m'mafuta a m'mafupa, ndipo nthawi zina chilondacho chimaoneka khansayo isanadziwike. Choncho dokotala akakufunsani za mawondo, za chimbudzi, za kuwonda ndi kutopa pamene inu mwabwera ndi mwendo, musaone ngati wasochera. Muuzeni zonse, ndipo lolani kuyezedwa magazi.

Palibe kuyeza kumodzi kumene kumatsimikizira matendawa. Timayamba tachotsa zina zofanana nawo, monga zilonda za shuga, TB ya pakhungu, khansa ya Kaposi ndi zilonda za mitsempha ya magazi, ndipo nthawi zina timatenga kachidutswa ka khungu mosamala kukaunika.

Mankhwala ake ndi ochepetsa ukali wa chitetezo, monga prednisolone kapena ciclosporin, pamodzi ndi kumanga chilonda mofatsa ndi kuletsa ululu. Chonde musagule prednisolone nokha poganiza kuti chilonda chanu ndi chimenechi. Ngati chili ndi tizilombo, kapena muli ndi TB kapena shuga, mankhwalawa angakuonjezereni mavuto. Kupola kumatenga miyezi, chimasiya chipsera chonga sefa, ndipo chikhoza kubwereranso. Amene anadwalapo auze dokotala asanachitidwe opaleshoni iliyonse.