Kudzimana chakudya si njira yochepetsera thupi

Ambiri kuno ku Kasungu amati wofuna kuchepetsa thupi azingomwa tiyi m'mawa n'kudikira nsima yamadzulo. Zimenezi zimangobwezera munthu m'mbuyo. M'mimba mukakhala mopanda kanthu nthawi yaitali mumatuluka homoni yotchedwa ghrelin, imene imauza ubongo kuti njala yavuta, ndiye madzulo mumapezeka mwamaliza mitanda inayi, mandasi pamwamba.

Homoni imeneyi imatsika mukadya, makamaka zakudya zomanga thupi. M'mawa imwani phala la mgaiwa lotsira nsinjiro kapena soya. Masana yambani ndi ndiwo, nkhwani wotendera, nyemba kapena usipa, nsima mitanda iwiri. Idyani mosathamanga, chifukwa uthenga wokhuta umatenga pafupifupi mphindi 20 kuti ufike ku ubongo. Kugona pang'ono nakonso kumakweza ghrelin, choncho muzigona maola 7 kapena kuposerapo.